Kodi quantum ili ndi mbali pa zimene mwana amatengera kwa makolo?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Dzulo mlamu wanga wanditumizira vidiyo ya bambo wina atavala gauni yoyera. Bamboyo akuti DNA imayendera malamulo a quantum, ndiye munthu ukaika maganizo pamodzi ukhoza kusintha majini ako, mpaka ana amene udzabereke adzatengera zosinthazo. Mlamu wangayo wakhulupirira kale. Ine sayansi ndinaisiyira ku sekondale, koma mtima ukukana. Amene mumazitsata tandimasulirani, muli choona m'menemu kapena angotidyera nthawi?

Kalulu:
Majini ake ati mayi? Tigwirizane kaye, chifukwa enafe tikamva majini timayamba kupemphera.

Nachisale:
Iwe Kalulu usayambe. Ndikunena a m'maselo.

Aphunzitsi Opuma:
Mayi Nachisale, nkhaniyi ili pawiri, ndipo wa vidiyoyo wasakaniza dala. Zoti quantum, sayansi ya tinthu tochepetsetsa monga maatomu, imakhudza DNA n'zoona, ndipo zinayamba kukambidwa agogo athu ali anyamata. Zoti maganizo anu angasinthe zilembo za majini n'kupatsira ana, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Mundilole ndiyambire patali, paja mphunzitsi amapuma ntchito koma pakamwa sapuma.

Mu February 1943, Erwin Schrödinger, mmodzi wa anthu amene anayala maziko a quantum, anakamba nkhani zingapo ku Trinity College mumzinda wa Dublin, ndipo chaka chotsatira zinatuluka m'buku lotchedwa What Is Life? Chimene chinkamuzunguza mutu ndi ichi. Jini ndi kanthu kochepetsetsa, koma kali m'thupi lotentha madigiri 37, momwe tinthu tonse timangokhalira kugundana usana ndi usiku. Kanthu kochepa choncho kanayenera kuphwasuka pasanapite nthawi. Koma taonani banja lachifumu la Habsburg ku Ulaya, chitsanzo chimene iye mwini anapereka: mlomo wam'munsi wotulukira kunja ukuoneka pazithunzi za anthu a m'banjamo kwa zaka mazana angapo, osasintha. Chimausunga n'chiyani?

Yankho lake linali quantum. M'dziko la maatomu mphamvu imayenda ngati masitepe, palibe kuima pakati pa sitepe ndi inzake. Molekyulu ikagundidwa ndi mphamvu yosakwana sitepe yathunthu, kamangidwe kake kamakhala mmene kanalili. Ndiye zoti mwana wa munthu amabadwa munthu, n'kutenga mphuno ya agogo ake, zimatheka chifukwa cha malamulo a quantum amene amamanga maatomu pamodzi. Kusintha kwa jini, kumene timati mutation, ndi pamene mphamvu yakwana sitepe yonse. Maganizowa anawatenga kwa Max Delbrück, amene mu 1935 analemba limodzi ndi Nikolai Timofeeff-Ressovsky ndi Karl Zimmer ku Berlin za tintchentche timene ankatiwomba ndi ma X-ray n'kumawerenga majini osintha.

Chidzukulu:
Aphunzitsi mwayamba bwino koma mwaimira pakhomo, zokoma zili mkati. DNA ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo pakati pake pali zilembo zinayi zogwirana ziwiriziwiri, A ndi T, G ndi C. Zimagwirana kudzera m'maatomu a haidirojeni, awiri pa A ndi T, atatu pa G ndi C. Phata la atomu ya haidirojeni ndi pulotoni imodzi basi. Pulotoniyo imakhala mbali imodzi, tinene ya G, uku C akuikoka. Kuti iwolokere tsidya linalo pali phiri la mphamvu loti ikwere. Mu fizikisi yakale, ngati mphamvu ilibe ndiye kuti basi, siwoloka. Mu quantum pulotoni ilinso ngati funde, ndipo kachigawo ka fundelo kamalowerera m'phirimo n'kutulukira kuseri. Ndiye nthawi zina imangopezeka ili kutsidya osakwera phiri. Imeneyo ndiyo tunnelling. Si nthano ayi, dzuwa limawala chifukwa mapulotoni amachita zomwezi, ndipo memory ya m'mafoni athuwa imalembedwa ndi maelekitironi oboola khoma chonchi.

Pulotoni ikasamuka, chilembo chimasintha nkhope. G wotereyu amayenerana ndi T m'malo mwa C, ndiye enzaimu yokopera, kamakina ka m'selo kamene kamakopera DNA, imanyengeka. Watson ndi Crick, amene anatulukira kamangidwe ka DNA, anaziganizira kale mu 1953, m'pepala lawo lachiwiri, kuti haidirojeni yosamuka malo ingakhale gwero la mutation. Mu 1963 Per-Olov Löwdin wa ku Sweden ndiye ananena kuti kusamukako kungachitike mwa tunnelling. Ndipo mu 2022 Louie Slocombe, Marco Sacchi ndi Jim Al-Khalili a ku University of Surrey anawerengera pakompyuta n'kupeza kuti pa G ndi C pulotoni imaboola kawirikawiri kuposa mmene imakwerera phiri.

Kalulu:
Ndiye mukuti dazi langali linabwera ndi pulotoni imene inalowa osagogoda?

Chidzukulu:
Dazi ndi la majini ambirimbiri akulu, pulotoni imodzi muisiye.

Mayi wa Labu:
Ndangolowa kumene, ndipo ndikuona kuti mwana wathu Chidzukulu wathamanga. Ine ntchito yanga ndi yokopera DNA tsiku ndi tsiku, ndiye mundilole ndithireko madzi ozizira.

Vuto lalikulu la ganizo la Löwdin ndi nthawi. Pulotoni ikawoloka siikhazikika kutsidyako, chifukwa kumeneko n'kokwera kusiyana ndi kwawo. Imabwerera pa kanthawi kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Tsono yerekezani ndi liwiro la makina okopera. Mu bakiteriya ya E. coli, imene imathamanga zedi, amakopera zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi. Mwa munthu ndi makumi ochepa chabe pa sekondi. Kwa pulotoni, makina amenewa akuyenda ngati nkhono. Kuti cholakwika chikhazikike, zingwe ziyenera kulekana pa nthawi yeniyeni imene pulotoni ili kutsidya, ndiponso chilembo chosinthacho chipirire mpaka chikafike pakamwa pa polymerase, enzaimu yokopera ija. Apa mpamene akatswiri ambiri a kemisitiri amakanira.

Kenako chilembo cholakwika chikalowa sikuti chapulumuka. Polymerase payokha imaphonya pafupifupi kamodzi pa zilembo 100,000. Koma ili ndi mbali ina imene imabwerera m'mbuyo, n'kudula cholakwikacho, n'kulembanso. Pambuyo pake pamadutsa gulu lina la maenzaimu loyendera ntchito, limene limafufuza paliponse pamene zilembo sizikuyenerana. Zonsezi zikatha, cholakwika chimatsala chimodzi pa zilembo 1 biliyoni kapena kuposerapo. Paul Modrich, Tomas Lindahl ndi Aziz Sancar analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chofotokoza mmene selo limakonzera DNA.

Ndipo tisaiwale kuti zowononga DNA zodziwika kale zilipo zambiri. Lindahl anaonetsa kuti madzi okha a m'selo amathothola zilembo masauzande ambiri patsiku m'selo lililonse, ndipo ma C mazana angapo amasanduka U, chilembo chimene sichiyenera kukhala mu DNA. Mpweya wa okosijeni nawo umawononga G. Zimenezi zinayezedwa. Za Surrey zija ndi masamu a pakompyuta.

Chidzukulu:
Mayi, masamu a pakompyuta si maloto. Gulu lomwelo linawerengeranso zimene zimachitika zingwe zikuyamba kulekana, ndipo linapeza kuti mpata ukamakula, pulotoni yowoloka ija imatha kutsekeredwa kutsidya komweko, njira yobwerera itatalika. Ndiye mfundo yanu ya nthawi ili ndi yankho.

Mayi wa Labu:
Ili ndi yankho la pakompyuta, mwana wanga. Sindikunyoza ayi, ntchitoyo ndi yaukatswiri. Koma m'kompyuta mumaikamo zilembo zochepa ndi madzi pang'ono, pamene m'selo muli helicase (enzaimu yolekanitsa zingwe zija), mchere, mapuloteni ambirimbiri, zonse zikukankhana. Kutsutsa galu n'kukumba. Mundibweretsere muyezo.

Aphunzitsi Opuma:
Muyezo wina ulipo mayi, ngakhale suthetsa mkangano wanuwu. Hashim Al-Hashimi ndi anzake, pa nthawi imene anali ku Duke University, anagwiritsa ntchito makina a NMR, ounikira mamolekyulu ndi maginito, kuyang'ana G ndi T zitaikidwa moyang'anizana. Nthawi zambiri ziwirizi zimakhala mopendekeka, ndipo polymerase imazindikira kuti apa palakwika. Koma m'mapepala awo a 2015 ndi 2018 anaonetsa kuti mwa apo ndi apo haidirojeni imasuntha, G ndi T n'kuima mowongoka ngati banja lenileni kwa kanthawi kochepa, ndipo kuchuluka kwa nthawi zimenezi kukugwirizana ndi mmene polymerase imaphonyera. Ndiye Watson ndi Crick sananame pa za haidirojeni yosamuka.

Ndikumbutsenso kankhani kamene ndimakakonda. Watson poyamba ankalumikiza zilembo molakwika chifukwa mabuku a nthawiyo anajambula haidirojeni ya G ndi T pamalo osayenera. Jerry Donohue, amene ankakhala nawo ofesi imodzi ku labotale ya Cavendish ku Cambridge, ndiye anamuuza kuti zojambulazo n'zolakwika. Atangokonza, A inagwirana ndi T, G ndi C. Malo a pulotoni imodzi anatsala pang'ono kubisa kamangidwe konse ka DNA.

Mayi wa Labu:
Zimenezo ndikuvomera ndi manja awiri aphunzitsi. Koma onani kusiyana kwake. Al-Hashimi anaona haidirojeni itasamuka pa G ndi T zimene zakumana kale molakwika. Löwdin ankanena za G ndi C zolondola zimene zimadzisokoneza zokha. Ndipo kuona kuti pulotoni yafika kutsidya sikukuuzani kuti yaboola phiri kapena yakwera pamwamba ndi mphamvu ya kutentha. Mafunso atatu amenewa anthu amawamanga mtolo umodzi n'kulembapo quantum.

Namzeze:
Ine ndawerenga zonse mwakachetechete, koma ndikuona kuti mukumupondereza bambo wa vidiyo uja. Si quantum yomweyo imanena kuti kanthu kamakhala m'mikhalidwe iwiri mpaka wina atakayang'ana? Ngati woyang'ana ndiye amasankha, bwanji maganizo a mwini thupi asasankhe? Ndinamvanso kuti mabakiteriya akakhala pa njala amasintha jini yeniyeni imene ikufunika kuti apulumuke. Zimenezo mukuzitcha mwangozi?

Aphunzitsi Opuma:
Achemwali a Namzeze, mawu oti kuyang'ana ndi amene anatipweteka. Mu fizikisi kuyang'ana sikufuna maso kapena mzimu. Kanthu kalikonse kakagundana ndi kanzake n'kusiya chizindikiro, kayang'anidwa kale. Pulotoni ya mu DNA yazunguliridwa ndi mamolekyulu a madzi amene akuigwedeza mosalekeza, ndiye mkhalidwe wapawiri uja umatha nthawi yomweyo. N'chifukwa chake opanga makompyuta a quantum amaziziritsa zipangizo zawo mpaka pafupi ndi madigiri 273 pansi pa ziro, kuti pasapezeke chogwedeza. Ganizo limodzi m'bongo limatenga kachigawo kooneka ka sekondi kuti lipangike. Likamafika, madzi anasankha kalekale kambirimbiri.

Mayi wa Labu:
Za mabakiteriya zija zili ndi mbiri yake, ndipo a Namzeze sanazipeke. Mu 1988 John Cairns ndi anzake anaika E. coli yosatha kugaya lactose (shuga wa mumkaka) pamalo pamene chakudya chinali lactose yekha, ndipo patapita masiku ena anayamba kugaya, ngati kuti asankha mutation yowathandiza. Zinautsa phokoso chifukwa kuyambira 1943 Salvador Luria ndi Delbrück yemwe uja anali ataonetsa kuti mutation imabwera kaye mwangozi, vuto lisanafike. Mu 1999 Johnjoe McFadden ndi Al-Khalili anayesa kufotokoza za Cairns ndi quantum, kuti pulotoni imakhala pawiri mpaka lactose ataisankhira mbali.

Koma amene anapitiriza kufufuza m'labotale, monga Patricia Foster ndi Susan Rosenberg, anapeza njira wamba. Bakiteriya ikapanikizika imayamba kugwiritsa ntchito polymerase ina yosasamala, imene imaphonya kwambiri, ndipo zolakwikazo zimagweranso m'majini ena osakhudzana ndi lactose. Ife timaona okhawo amene mwayi wawagwera chifukwa ndi amene amakula, enawo amafera pomwepo osawerengedwa.

Nachisale:
Apa ndiye ndamva. Koma nanga mbali ya ana ija? Tinene kuti chinachake chasintha m'thupi mwanga lero, mwana amatengera?

Mayi wa Labu:
Pokhapokha chitasintha mu dzira kapena mu umuna. Zosintha za pakhungu, m'chiwindi kapena m'bongo zimathera pa inu nomwe. Ndipo mazira a mkazi amayamba kupangika iye ali m'mimba mwa mayi ake. August Weismann m'zaka za m'ma 1880 ankadula michira ya mbewa mibadwo ingapo yotsatizana, koma ana onse ankabadwa ndi michira yathunthu.

Zatsopano zimene mwana amabadwa nazo, zimene bambo ndi mayi alibe, zimakhala pafupifupi 60 kapena 70 zonse pamodzi, pa zilembo 3 biliyoni zochokera kwa bambo ndi 3 biliyoni zochokera kwa mayi. Zambiri zimachokera kwa bambo, chifukwa maselo opanga umuna amagawikana moyo wonse. Kafukufuku wa ku Iceland wa 2012 anapeza kuti chaka chilichonse chimene bambo akukula chimawonjezera pafupifupi ziwiri. Zochuluka mwa izo sizichita kanthu. Koma chilembo chimodzi chikagwa pamalo ovuta chimasintha moyo. Matenda a sickle cell ndi A mmodzi amene anasanduka T mu jini ya hemoglobin (puloteni yonyamula mpweya m'magazi), GAG n'kukhala GTG, basi.

Kalulu:
Azibambo takambidwa apa. Ndikutuluka kaye.

Chidzukulu:
Ndiye pa 60 kapena 70 amenewo, mwina angapo ndi a tunnelling. Mayi simungakane.

Mayi wa Labu:
Sindikukana kuti n'zotheka. Koma chilembo chikasintha sichisiya kalata yonena amene wachisintha. Chimene timaona ndi mtundu wa kusinthako, ndipo malo amene amasintha kawirikawiri mwa anthu ndi pamene C wokhala ndi kagulu ka maatomu kotchedwa methyl watsatana ndi G, C uja n'kusanduka T. Imeneyo ndi kemisitiri ya madzi, yodziwika bwino.

Aphunzitsi Opuma:
Pali mfundo imodzi imene sinatchulidwe, ndipo kwa ine ndi imene imagwetsa vidiyo ija kotheratu. Mu 1982 William Wootters ndi Wojciech Zurek, komanso Dennis Dieks payekha, anatsimikiza ndi masamu kuti mkhalidwe wa quantum wosadziwika sungakoperedwe ndendende. Ukayesa kuukopera umauwononga. Tsono ganizani, chibadwa chonse ndi kukopera. Dzira limodzi limagawikana mpaka kukhala thupi la maselo mathiriliyoni, lililonse ndi kope lake. Uthenga wa makolo ukanakhala wosungidwa m'mikhalidwe yapawiri ija, sukanadutsa ngakhale kugawikana koyamba. Umadutsa chifukwa A ndi A, T ndi T, zilembo zokhazikika zoti n'kuwerengedwa kambirimbiri osafufutika.

Ndipo mkangano umenewu unachitikapo kale. Cha m'ma 1930 Pascual Jordan, katswiri weniweni wa quantum, ankati jini imadzikopera chifukwa mamolekyulu ofanana amakokana ndi mphamvu yapadera ya quantum. Mu 1940 Linus Pauling ndi Delbrück analemba m'magazini ya Science kuti mphamvu imeneyo ndi yochepa kwambiri moti singagwire ntchito m'selo, ndipo chofunika ndi mamolekyulu oyenerana, ngati loko ndi kiyi wake. Patapita zaka 13 DNA inaoneka kuti ilidi choncho, ndipo mu 1958 Matthew Meselson ndi Franklin Stahl anaonetsa ndi naitirojeni yolemera kuti DNA yatsopano iliyonse ili ndi chingwe chimodzi chakale ndi china chatsopano. Jordan anali ndi masamu onse m'mutu koma anaphonya. Nanji wa gauni yoyera.

Namzeze:
Chabwino aphunzitsi, za kukopera ndagonja. Koma mukuvomereza nokha kuti pansi pa zonsezi pali quantum. Ine pamenepo mpamene ndimazizwa.

Aphunzitsi Opuma:
Zizwani ndithu achemwali, nanenso ndimazizwa. Kungoti quantum yomweyo ilinso pansi pa mpando umene mwakhalirawo, koma palibe amene amati ausintha ndi maganizo.

Chidzukulu:
Malo amodzi amene ngakhale Mayi wa Labu sangatsutse ndi kuwala kwa dzuwa. Kadontho kamodzi ka kuwala kwa UV kakamezedwa ndi DNA, ma T awiri oyandikana amatha kumatirirana pa kanthawi ka pikosekondi imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1 thiriliyoni a sekondi. Imeneyo ndi quantum yeniyeni, ndipo ndi chiyambi cha khansa zambiri za pakhungu. Chodabwitsa n'choti nthawi zambiri zilembo zinayizi zimataya mphamvu ya UV mwachangu kwambiri n'kuisandutsa kutentha zisanawonongeke.

Mayi wa Labu:
Pamenepo tili limodzi. Anthu obadwa ndi matenda a xeroderma pigmentosum alibe njira yabwino yokonzera ma T omatirirana amenewo, ndipo dzuwa limawavulaza koopsa kuyambira ali ana. Umboni wake ndi wooneka ndi maso.

Za tunnelling nazo njira yoyezera ilipo, ndipo inagwirapo ntchito kwina. M'malo mwa haidirojeni wamba mumaika deuterium, imene imalemera kawiri. Cholemera chimavutika kwambiri kuboola phiri, ndiye ngati liwiro latsika kuposa mmene fizikisi yakale ikulosera, mwaigwira. Judith Klinman ndi anzake ku Berkeley anachita zotere mu 1989 ndi enzaimu ya alcohol dehydrogenase, ndipo lero zoti haidirojeni imaboola m'maenzaimu ena sizikutsutsidwa kwenikweni.

Chidzukulu:
Ndiye tingolera mabakiteriya m'madzi a deuterium n'kuwerenga ma mutation. Akachepa ndapambana.

Mayi wa Labu:
Ukanakhala wophunzira wanga ndikanakubwezera pepalalo. Madzi olemera amasintha chilichonse m'selo, kakulidwe, kapindidwe ka mapuloteni, ngakhale maenzaimu okonza DNA omwewo. Ma mutation akachepa kapena kuchuluka udzati chachititsa n'chiti? Uyambe ndi polymerase yokha m'kabotolo, DNA yodziwika zilembo zake, uyeze pa kutentha kosiyanasiyana. Tunnelling siidalira kutentha mmene kukwera phiri kumadalirira, ndiye mzere wa pagirafu ndi umene udzalankhule.

Woyang'anira Gulu:
Ndachotsa uthenga wa munthu wina amene amatsatsa mankhwala akuti okonza DNA ndi quantum. Malonda pano ayi. Pitirizani.

Kalulu:
Ndabwerako. Wamalondayo anamva fungo, kandimverere weniweni.

Nachisale:
Zikomo nonse, makamaka aphunzitsi ndi Mayi wa Labu. Ndamutumizira mlamu wanga zonsezi, ya michira ya mbewa ndi ya mpando yomwe. Wawerenga, wakhala chete mphindi khumi, kenako wayankha kuti, nanga gauni ija anaitenga kuti ngati si dokotala?

Mayi wa Labu:
Muwauze kuti yanga ili pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo amene amatikolopera mu labu ali nayo yofanana ndendende.